Lero Ndaona Mpaka pa Thanki

4 Malichi

Okondedwa Bambo ndi Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Ine kuno kuphiri ndadzuka, kungoti milomo yang'ambika ndi mphepo. Kalata yanu yafika dzulo ndi bambo wa abulu, yemwe amatikwezera zakudya, mabatire ndi makalata kamodzi pa masabata awiri.

Bambo, mwati mukufuna kubwera? Inu amene mwakhala zaka makumi atatu mutaweramira mawotchi a anthu, osapita ngakhale kutsidya kwa msewu? Ndaseka ndekha mpaka mnzanga wa pantchito anabwera kudzafunsa ngati mpweya wandichepera m'mutu. Koma ndakondwa zedi. Bwerani.

Mwafunsa kuti ntchito yanga n'chiyani kwenikweni. Ndimayeza mvula, mphepo ndi kuzizira, n'kutumiza manambala pa wailesi. Komanso m'mawa uliwonse ndimaima pakhomo n'kulemba pamene maso anga afika. Tili ndi zizindikiro zitatu: mzati woyera uli pafupi, mwala wong'ambika uli patali ndithu, ndi nsonga ya phiri lina kutali kwambiri. Masiku ano a nkhungu ndimalemba kuti "mzati wokha". Koma mu Julayi mitambo imatsika n'kukagona pansi pathu. Umadzuka n'kupeza dziko lonse lafunda zoyera, iwe uli pamwamba pake ngati unaiwalika. Nthawi imeneyo ndi yomwe ndikufuna mudzabwere.

Tsono mverani, chifukwa phiri silimva kuti ndinu bambo a munthu. Choyamba kaonaneni ndi dokotala, akumvereni mtima ndi mapapo. Gulani nsapato zolimba zofika m'kakolo, zokulirapo pang'ono, ndipo muyambe kuzivala lero lomwe kuti zizolowere phazi. Tsiku lililonse muzikwera masitepe a nyumba yathu mpaka padenga, mutabereka chikwama. Zovala zikhale zopepuka zitatu zosanjikiza, osati chijasi chimodzi cholemera, ndipo chapakhungu chisakhale cha thonje chifukwa chikanyowa ndi thukuta chimazizira. Mupezenso ndodo, chipewa, mafuta a milomo ndi magalasi akuda. Dzuwa la kuno limaluma maso.

Mudzatenge zida zanu. Makina athu olemba mvula ali ndi wotchi m'kati, yozunguza chigubu cha pepala, ndipo ikutsalira mphindi makumi awiri pa tsiku. Mvula ya Lachiwiri ikumalembedwa ngati ya Lolemba.

Amayi, mundiuze zonse za kumeneko. Mayi wa pansi pathu uja anachira mwendo?

Ndine mwana wanu,
amene Bambo amamutcha Kamtambo


19 Malichi

Iwe Kamtambo,

Moni wochuluka. Ife tili bwino, amayi ako akadali olamula dziko m'nyumba muno.

Malamulo ako ndawalandira, ndipo ndikuwatsata ngati mwana wa sukulu. Dokotala wandigogoda pachifuwa n'kunena kuti mtima wanga ukugunda bwino kuposa mawotchi omwe ndimakonza. Nsapato ndagula. Ndikalowa nazo m'shopu, wometa tsitsi wa khomo loyandikana amaima njo n'kuchita sawatcha, ati kwabwera msilikali. Zinanditupitsa chala chaching'ono masiku anayi, pano tayamba kumvana.

Masitepe a nyumba ino ndi makumi asanu ndi limodzi kudza anayi. Zaka zonsezi ndimakwera osawawerenga. Sitepe lachisanu ndi chiwiri ndi lobenthuka, la makumi atatu ndi lalitali kuposa anzake, ndipo pamwamba pali chitseko chachitsulo chomwe chimalira ngati mbuzi. M'chikwama ndimaikamo mawotchi akuluakulu atatu omwe eni ake sanabwere kudzatenga. Ndikamakwera amagunda kumsana kwanga, aliyense nthawi yake, moti ndimafika padenga ndisakudziwa ngati ndi m'mawa kapena dzulo.

Ndatengera nzeru yako. Nanenso ndili ndi zizindikiro zitatu padenga: chingwe choyanikapo zovala, thanki ya madzi ya kusukulu, ndi chumuni cha fakitale kutali uko. Lero ndaona mpaka pa chumuni, koma mwa apo ndi apo. Lemba m'buku lako.

Mitambo yogona pansi ija yandilowa m'mutu. Dzana masana ndinawodzera pa tebulo, kagalasi kanga kokulitsira zinthu kali m'diso, n'kulota ndikuyenda pamwamba pake ndi nsapato zatsopanozi. Sindinkamira. Mawotchi onse a m'shopu ankanditsatira pambuyo mwakachetechete.

Tsono tandiuza, mwana wanga, Julayi si kutali kodi? Bwanji nditabwera mu Meyi, kapena kutha kwa Epulo? Zoti uzindifotokozera m'kalata n'zabwino, koma paja kandimverere adakanena za m'maluwa. Ndikufuna ndikaone ndekha.

Ndine bambo ako,
wamawotchi


21 Malichi

Mwana wanga,

Moni. Kalata iyi ndaibisa m'kati mwa sokosi, mu phukusi la zoluka lomwe ndikukutumizira, chifukwa abambo ako akaidziwa sandilankhula mwezi wathunthu. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuze. Ndalumbira, ndipo ndikuphwanya.

Abambo ako maso akutha. Za mtima anakuuza zoona, koma sanakuuze za dokotala wachiwiri. Matendawa anayamba kalekale mwakachetechete, akudya kuchokera m'mbali, ndipo tawazindikira mochedwa. Diso lamanzere linapita kale. Lamanja likuona ngati munthu wosuzumira pa kabowo ka kiyi, ndipo kabowoko kakuchepa. Akudonthezera mankhwala, koma dokotala sanatinamize. Wati mwina miyezi iwiri, mwina itatu.

Mawotchi aang'ono a pamkono anasiya kulandira chaka chatha, ankati alibe phindu. Ine ndinakhulupirira, mpaka tsiku lina ndinawapeza akufufuza kachitsulo ndi chikhatho pa tebulo, iko kali poyera pafupi ndi kapu.

Ulendo wakowu wawapatsa pobisala. Ndodo amayenda nayo mumsewu mutu uli m'mwamba, akafunsidwa amati ndi ya kuphiri. Magalasi akuda savula, ati mwana wanga wandilamula. Masitepe amawawerenga mokweza ndipo anthu amaseka kuti akukonzekera ulendo. Ine ndikamamva kuwerengako kuchokera kukhitchini ndimatseka mpopi n'kuima, mtima uli m'malere.

Sindikudziwa za mapiri, iwe ndiye ukudziwa. Koma ngati pali njira yoti abwere msanga, ipeze. Munthuyu moyo wake wonse wayang'ana tinthu tating'onoting'ono. Akufuna chomaliza kuona chikhale chachikulu.

Masokosi ndi anayi, awiri ako, awiri uwasungire iwo. Undiyankhe mwa njira yoti ine ndekha ndimve.

Mayi ako


14 Epulo

Okondedwa Bambo ndi Amayi,

Moni nonse. Pepani kuchedwa kuyankha. Mvula yakokolola mlatho wa kumunsi, ndipo abulu sakuwoloka. Makalata okha ndi omwe akudutsa, amawakoka pa chingwe m'kachitini. Katundu yense waunjikidwa ku nyumba ya alendo ya kutsidya. Ndamva kuti pali phukusi langa kumeneko. Zikomo Amayi, ndidzaliona mlatho ukakonzedwa, zoluka sizionongeka.

Bambo, za Meyi iwalani. Mukabwera nthawi imeneyo mudzakwera masiku anayi kudzaona mzati woyera basi. Njira ndi yoterera, ndipo nkhungu imalowa mpaka m'nyumba n'kukhala nafe pa tebulo. Ndimati Julayi, koma ndi mlathowu mwina tinene Ogasiti. Si inu kodi munkandiuza ndili mwana kuti kuona maso a nkhono n'kudekha? Lero ndakubwezerani.

Pitirizani masitepe. Onjezerani wotchi yachinayi m'chikwama. Muyambenso kuzolowera kumwa madzi ambiri, chifukwa kuno munthu amauma osamva ludzu. Ndipo mudziwiretu kuti pokwera sitithamanga. Mudzagona masiku awiri pa nyumba yopumulirapo ya pakati pa phiri kuti thupi lizolowere mpweya wochepa. Mutu ukadzapweteka kwambiri, kapena kusanza, kapena kuyenda ngati woledzera, mankhwala ake ndi amodzi, kutsika. Pamenepo sindidzamva zoti ndinu bambo anga.

Kuno zinthu zimachita zachilendo. Madzi amawira msanga koma tiyi satentha mokwanira, ndipo nyemba zimakhala pamoto tsiku lonse zili gwa. Botolo la mafuta odzola lomwe ndinabwera nalo linalavula lokha nditangolitsegula. Dzulo nkhungu inang'ambika pang'ono, ndipo ndinaona mbalame yaikulu ikuuluka pansi panga. Ndinaona msana wake, Bambo. Ndinaima pamenepo mpaka ndinaiwala chomwe ndinatulukira.

Lipoti lanu la padenga ndalilemba kumapeto kwa buku langa. Chumuni kuoneka mwa apo ndi apo? Ndiye kuti utsi wachuluka m'tauni chaka chino. Muzitseka mawindo, ndipo mupitirize kunditumizira.

Ndine wanu,
Kamtambo


2 Meyi

Kamtambo,

Moni. Usadabwe ndi zilembo zikuluzikuluzi, ndikuyesa cholembera chatsopano.

Ndamva. Ogasiti. Woyeza nyengo ndiwe, ine ndine yani kuti nditsutse? Ndinalira mvula, ndalira ndi matope omwe.

Lipoti nali. Chumuni chinasowa sabata yatha. Lero ndaona mpaka pa thanki. Utsi wachulukadi, monga wanenera.

Masitepe tsopano ndimakwera katatu osapuma. Ndimathanso kukwera nditatsinzina, phazi limadziwa lokha pamene pali pobenthuka. Nsapato zafewa. Chikwama ndinalongedza kale, chili kuseri kwa chitseko, ndipo m'mawa uliwonse ndimachimasula n'kugwira chinthu chilichonse: chipewa, tochi, mafuta a milomo, zida zanga m'kansalu kawo. Amayi ako amati ndichitha ndi manja ulendo usanafike.

Ndikupempha chinthu chimodzi. Undilembere bwinobwino za mitambo ija. Kuyera kwake n'kotani, kwa mkaka kapena kwa pepala? Imayenda kapena imangogona? Dzuwa likamatuluka imayamba kufiira mbali iti? Ulembe zonse, usasiye kanthu, kuti ndikhale nazo m'mutu. Munthu amafunika kudziwiratu chomwe akukaona.

Bambo ako

Ndalemba pansi pano ndine mayi ako, iwo apita kukagula sitampa. Za m'sokosi zija sunandiyankhe, m'malo mwake wawonjezera mwezi. Chabwino. Mwina ntchito yakuumitsa mtima, mwina ukudziwa zomwe ine sindidziwa. Koma ndakhumudwa nawe, mwana wanga, sindikubisira.


19 Meyi

Amayi, kalata iyi muwawerengere Bambo mokweza, musadumphe mawu ngakhale amodzi.

Nditawerenga mawu anu a pansi aja sindinamve kanthu. Sokosi iti? Ndinakhala nawo tsiku lonse. Kenako ndinatsegula kumapeto kwa buku langa, pomwe ndakhala ndikulemba malipoti a padenga, n'kuyang'ananso zilembo zikuluzikulu zija. M'mawa mwake ndinasiyira mnzanga ntchito n'kutsika. Ndinawoloka mtsinje pa chingwe chomwe amakokera makalata, atandimanga lamba m'chiuno. Phukusi ndinalipeza pansi pa matumba a mchere. Kalata yanu ndinaiwerengera pomwepo, nditakhala pa thumba, miyezi iwiri itapita.

Ine woyeza pamene maso afika, ndakhala ndikulemba kutha kwa maso a bambo anga n'kumati ndi utsi wa fakitale. Ndalira, Amayi, ndipo manyazi andigwira. Simunalakwe kukhumudwa.

Bambo, nanunso ndakukwiyirani. Munandiphunzitsa kuti wotchi yonama ndi yoipa kuposa yoima. Koma tidzakangana mukafika.

Nyamukani Lolemba likubwerali. Mlatho wa matabwa aumaliza mawa. Amayi akukwezeni basi, ine ndidzakudikirani pomwe msewu umathera, ndi bambo wa abulu. Mankhwala a m'maso muwaike m'thumba la m'kati mwa jekete, pamodzi ndi mabatire a tochi, kuti asazizidwe, ndipo mutenge mabotolo awiri kuopa lina lingasweke. Dokotala wa maso mumuuze za ulendowu musananyamuke, alembe papepala zoti nditsate. Mawotchi anayi aja atsale. Zida zokha.

Chinthu chimodzi sindisintha. Masiku awiri a pa nyumba ya pakati tidzagona ndithu, ngakhale mutandikalipira. Ndikufuna mukafike ndi maso, komanso ndi mpweya.

Sindikulonjezani mitambo. Ino si nyengo yake, ndipo m'mabuku a zaka khumi zapitazi inagona pansi mu Juni katatu kokha. Mwina tidzangoona mzati. Bwerani basi.

Kamtambo


11 Juni

Mayi a mwana,

Moni wochokera kumwamba. Akulemba ndi mwana wanuyu, ine ndikungoyankhula nditafunda bulangete, ndipo ndamuuza kuti akasintha mawu anga ndidzadziwa. Muli bwanji kumeneko? Wometa tsitsi akuthirira kaduwa kanga ka pawindo la shopu?

Tinafika bwino. Pa nyumba ya pakati mutu unandigunda ngati muli munthu akukhoma misomali, ndipo mwana wanu anandiyendetsa pa mzere kuti aone ngati ndikudzandira. Ndinapambana mayeso. Anandimwetsa madzi mpaka ndinadana nawo. Tsiku lomaliza ndinakwera bulu theka la njira, zimenezi musauze aliyense. Masokosi anu ndi ofunda, ngakhale kuti ndi akazitape.

Masiku asanu ndi limodzi oyamba kunali nkhungu yokhayokha. Ndikuuzeni chinthu chokoma: m'nkhungu tonse ndife ofanana. Kuchokera pakhomo kukafika pa kanyumba ka makina pali chingwe chogwira, mapazi makumi anayi kudza awiri. Tsiku lachitatu ndinkafika msanga kuposa eni malo, iwo akupunthwa pambuyo panga.

Wotchi ya mvula takonza. Inali ndi mafuta akale omwe anauma ndi kuzizira. Ndinaimvera kukhutu n'kudziwa pomwe ikudwala, koma tizitsulo take sindikanationa. Tsono ndinamuveka mwana wanu kagalasi kanga m'diso. Iye ankaona, ine ndinkagwira dzanja lake n'kumuuza kuti pepuka, usapume, tsopano zunguza. Dzanja lake ndi langa lenileni, mayi a mwana, sindinkadziwa. Kagalasiko ndamusiyira.

Tinakangana monga analonjezera. Anapambana iye.

Dzulo m'mawa anandidzutsa pondigwedeza phewa. Anandiveka jekete ngati mwana, n'kunditulutsa panja. Mphepo inali itaima. Sindinamvepo chete wotero, moti ndinkamva wotchi ya mvula ikugunda m'kanyumba kake. Anandiimika pa mzati woyera, n'kundivula magalasi akuda.

Sindikunamizani, poti bodza ndasiya. Mwala wong'ambika sindinauone. Nsonga ya phiri lina, yomwe akuti inali itatulukira ngati chilumba, sindinaione. Kabowo kanga katsala kang'onong'ono, ndipo m'kati mwake mulinso chifunga. Koma kuwala ndinakuona, ndipo kunkachokera pansi. Moyo wanga wonse kuwala kwakhala kukuchokera kumwamba, ku nyale ya pa tebulo, ku windo, ku dzuwa. Dzulo kunali kunsi kwa nsapato zanga. Ndinayendetsa mutu pang'onopang'ono kuchokera kumanzere mpaka kumanja, monga muja ndimafufuzira kachitsulo pa tebulo, kufuna pomwe kwathera. Sindinapapeze. Kenako mbali imodzi inayamba kufiira, ndipo ndinaloza ndisanauzidwe.

Mwana wanu ankalira, n'kumandifunsa kuti mukuona, Bambo, mukuona? Ndinati khala chete, ndili pa ntchito. Tinaima mpaka zala zinauma. Ndinakuganizirani muli pansi pa zoyera zonsezo, mukutsegula mpopi kukhitchini, osadziwa kuti mwamuna wanu waima padenga panu.

Lero nkhungu yabwerera, ndipo sindikudandaula. Titsika Lachinayi. Mudzandichingamire pa basi, ndipo mudzandigwire mkono poyera, anthu aone. Ndodoyi si ya kuphiri ayi, ndi yanga, ndipo wometa tsitsi ndidzamuuza ndekha.

Mwamuna wanu,
wamawotchi

Amayi, ndine Kamtambo. Sindinasinthe mawu awo. Titabwerera m'nyumba dzulo anandiitanitsa buku langa, ati lipoti la tsikulo alemba okha. Ndinawaikira cholembera pa mzere. Malamulo amati tilembe mzati, mwala kapena nsonga. Iwo alemba mawu amodzi, zilembo zake zadzaza mizere inayi ndipo zapendekera kumunsi: "Konse." Akuluakulu a ntchito akadzafunsa ndidzayankha ndine. Sindifufuta.